Ndinawerenga amayi ambiri, ndinamvera ochepa

Ndinafika ku Dubai m'mwezi wa Okutobala, mwana wanga wamkazi atangochira mwana wake wachisamba. Iye ndi mwamuna wake amakhala ku Al Warqa, dera la nyumba zogona anthu kufupi ndi Mirdif, chakumtunda kwa msewu waukulu wa Sheikh Mohammed bin Zayed. Kuno kulibe nsanja zazitali zija mumaziona pa zithunzi. Kuli mipanda, mizikiti, timagolosale ndi mapaki kumene ana amakasewera dzuwa likapepa. Ndinabwera kudzagwira ntchito ya agogo, kusambitsa khanda, kuphika phala ndi kumuuza mwana wanga zimene mayi anga anandiuza ine ndili m'chikuta. Sindinkadziwa kuti mlandu wa zaka 30 unali kundidikira kunoko.

Tsiku lina madzulo ndinakhala pa benchi m'paki, ndikukambirana pa foni ndi mng'ono wanga wa ku Ntcheu za mtengo wa feteleza. Nditadula foni, mtsikana wina amene ankakankha ana awiri pa katungwe anabwera n'kunyonyomala pambali panga, manja ali pamodzi.

"Amayi, ndamva mukulankhula Chichewa. Mwaswera bwanji?"

Anali wa ku Phalombe, wantchito wa m'nyumba ina ya kufupi. Tinafunsana za kumudzi, za mvula, za ufa woyera umene tonse tinkaulakalaka. Atamva kuti ndinapuma pa ntchito ya zaumoyo, anayang'ana uku ndi uku, n'kupinda malaya pamkono wakumanzere.

"Tagwirani apa, amayi."

Zala zanga zinadziwiratu maso asanaone. Timitengo tiwiri pansi pa khungu, njira yolera ya Jadelle.

"Anakuika liti, mwanangu?"

"Mwana wanga ali ndi miyezi iwiri. Pano ali Sitandade 2."

"Anakuuza kuti udzachotsetse liti?"

"Ayi. Anabwera pa galimoto, anamanga tenti pabwalo la sukulu, ife tinafola. Anangoti ndi ya zaka zambiri."

Jadelle imagwira ntchito zaka zisanu. Iye anali atayenda nayo zaka zoposa zisanu ndi ziwiri. Buku lake la kuchipatala linapita ndi madzi a namondwe Freddy mu 2023. Anzake anamuuza kuti timitengoto tikakhalitsa timayenda mpaka kumtima, ndipo usiku uliwonse asanagone ankadzigwira pamkono kuti amve ngati tikadalipo.

Galimoto imeneyo ndikuidziwa. Sindinali m'gulu la tsiku limenelo, koma ndakwera zinzake kambirimbiri. Ine ndinali mayi uja wovala chitenje cha bungwe, wogwira chimkuzamawu, woyambitsa nyimbo kuti mzere utalike. Umboni wanga wayambira pamenepo.

Ntchito yophunzitsa zaumoyo ndinaiyamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Achinyamata a lero sangamvetse mmene zinthu zinalili. Boma la Kamuzu Banda linali litaletsa za kulera m'zaka za m'ma 1960, ndipo pamene linazilola mu 1982, tinkangololedwa kunena za kupewa kutumbiza, osati kuchepetsa ana. Mayi sankalandira mapilitsi popanda chilolezo cha bambo wa kunyumba, mpaka malamulo ake atafewetsedwa mu 1992. Chaka chomwecho kafukufuku wa dziko lonse wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu anapeza kuti mwa amayi 100 apabanja, 7 okha ndiwo ankalera ndi njira zamakono, ndipo mayi mmodzi ankabereka ana pafupifupi 7. Ndinaona ndi maso anga mayi ali ndi mwana kumbuyo, wina kubere, winanso m'mimba. Ndinaika maliro a anzanga amene tinavinidwa limodzi. Choncho ntchitoyi ndinailowa ndi mtima wonse, ndipo zolakwa zimene ndikuulula apa ndinazichita ndikudziyesa wochita zabwino.

Cholakwa choyamba ndinachichita pansi pa mtengo wa mango. Ndinali nditalembedwa ganyu ya kafukufuku ndi bungwe lina limene sinditchula. Aliyense ankayenera kubweza mafomu 12 patsiku, apo ayi alawansi ya tsikulo inkadulidwa. Inali nthawi yopalira, amayi onse ali kumunda. Dzuwa litapendeka ndinali ndi mafomu 9. Ndinakhala pansi pa mango uja n'kubereka amayi atatu ndi cholembera changa. Ndinawapatsa zaka, ana, amuna ndi njira zolera. Wina ndinamupatsa padera kuti zioneke zenizeni. Otiyang'anira anandiyamikira chifukwa cha zilembo zooneka bwino. Amayi atatu amene sanabadwepo analowa mu kompyuta, kenako mu lipoti, ndipo lipotilo linathandiza kusankha kumene mankhwala apite. Nditakwezedwa kukhala woyang'anira ena, ndinkaidziwa fomu yolembedwa pansi pa mtengo ndisanaitsirize n'komwe kuiwerenga, chifukwa mbala imadziwana. Nthawi zambiri ndinkangoisainira, poopa kuti ntchito ichedwa.

Cholakwa chachiwiri chinali cha inki. Malamulo a kafukufuku amafuna kuti munthu amve zonse asanavomere: cholinga chake, zoopsa zake, ndi kuti ali ndi ufulu wokana popanda kumanidwa thandizo la kuchipatala. Makomiti oona za ufulu wa otenga nawo mbali amadinda kalata ya chilolezo isanapite kumudzi. Kalatayo inkakhala ya masamba anayi, koma ine ndinaphunzira kuiwerenga m'mphindi ziwiri, ndikumeza mawu ngati mwana woloweza katekisimu. Ndime yonena za ufulu wokana ndinkaidutsa mothamanga kwambiri. Kenako ndinkagwira chala chachikulu cha mayiyo, n'kuchiviika mu inki, n'kudinda. Pambali pathu pankakhala katoni ya sopo, aliyense akuiona, a mfumu atakhala pampando poteropo. Mayi wa kumudzi angakane bwanji pamaso pa a mfumu, a chipatala ndi sopo?

Tinkafunsa zinthu zimene munthu sauza ngakhale mchemwali wake. Munayamba liti kugona ndi mwamuna? Amuna anu amakumenyani? Munachotsapo mimba? Amayi ankayankha akuyang'ana pansi, akukanda dothi ndi kamtengo. Tikatha tinkakwera galimoto, osadzabwereranso. Zotsatira zinkakawerengedwa m'Chingerezi m'mahotela a ku Lilongwe ndi kunyanja ku Mangochi, pamaso pa anthu amene sanapondepo m'mudzimo. Gogo wina, nankungwi wa m'mudzi umene tinaupitako kachitatu ndi mafunso atsopano, anandiuza maso ndi maso: "Inu a kafukufuku muli ngati mvula ya chizimalupsa. Mumangonyowetsa fumbi, munthu sangadzalire." Ndinaseka n'kukawafotokozera anzanga m'galimoto ngati nthabwala. Mawu a akulu amakoma akagonera, ndipo awa anagonera zaka 20.

Cholakwa chachitatu ndicho chimandisowetsa tulo. Mu 2004 kafukufuku wa dziko lonse anaonetsa kuti pa ana 100,000 obadwa amoyo, amayi 984 ankamwalira pa zifukwa za uchembere. Chinali chiwerengero chochititsa manyazi dziko lonse. Mu 2007 boma linaletsa azamba a m'midzi kubereketsa, ndipo mafumu ambiri anakhazikitsa malamulo a m'midzi akuti wochirira kunyumba alipe chindapusa, kwina nkhuku, kwina mbuzi. Ine ndinali m'gulu la oyenda m'mabwalo kulimbikitsa zimenezi. Pa msonkhano wina a gulupu atalengeza za mbuzi, ine ndinali woyamba kuimirira n'kuomba m'manja.

Patapita miyezi ingapo ndinatumidwa m'dera lomwelo kukafufuza imfa ya mayi wa ana anayi. Unali mwezi wa Januwale, mtsinje utadzaza, chipatala chili ulendo wa maola atatu wapansi. Kuchidikiro sanapite chifukwa kunyumba kunalibe ufa woti atenge n'kusiyirako ana. Matenda anamuyamba usiku, ndipo anachira m'nyumba mwake mothandizidwa ndi apongozi ake. Mzamba wa m'mudzimo, amene akanadziwa kuti zinthu zaipa, sanaitanidwe poopa mlandu. Zotsalira sizinatuluke zonse, magazi anayamba kutayika. Abale anakhala pakhonde n'kumakambirana za mbuzi. Anagwirizana zodikira kuti kuche, kuti akanene kuti wachirira panjira. Anamwalirira pa ngolo, asanaoloke n'komwe.

Apongoziwo anandifotokozera zonsezi khandalo lili pamiyendo pawo, likuyamwa chala. Pa fomu yanga panali mabokosi atatu a kuchedwa kumene tonse tinaphunzitsidwa: kuchedwa kupanga chiganizo chopita kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kuthandizidwa utafika. Ndinachonga bokosi loyamba. M'ndemanga ndinalemba kuti banjali silinkadziwa zizindikiro zoopsa. Linali bodza. Ankadziwa bwinobwino kuti magazi ochuluka chotero amapha. Chimene ankaopa chinali mbuzi imene ine ndinaiombera m'manja, ndipo pa fomupo panalibe bokosi la dzina langa. Mu 2010 Pulezidenti Bingu wa Mutharika ananena poyera kuti azamba asaletsedwe koma aphunzitsidwe, anthu a zaumoyo n'kugawanika maganizo. Ine ndinangokhala chete, lipoti langa lili m'kabati.

Musandimve molakwa. Kuchirira kuchipatala kumapulumutsa moyo, ndipo mpaka lero ndimauza mayi aliyense woyembekezera kuti ayambe sikelo msanga ndi kukadikirira kuchipatala. Ntchito imene tinagwira ndi anamwino, azamba a kuchipatala ndi alangizi a zaumoyo sinapite pachabe. Imfa za amayi zija zinatsika kufika pa 675 mu 2010, kenako 439 pa kafukufuku wa 2015 mpaka 2016. Pofika nthawi imeneyo amayi apabanja 58 mwa 100 ankalera ndi njira zamakono. Mu 2011 Malawi inakhala dziko loyamba kupereka ma ARV kwa moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi HIV, njira yotchedwa Option B+, ndipo maiko ena anatengera kwa ife. Zimenezi ndimazinyadira. Chimene ndikulapa n'chakuti chiwerengero chitayamba kukwera, ndinayamba kukonda chiwerengerocho kuposa mayi amene wakhala patsogolo panga.

Apa ndi pamene nkhani ya timitengo ikulowera. Malipoti athu a mwezi ndi mwezi ankafunsa kuti taika angati, ndipo ndalama za chaka chotsatira zinkadalira yankho limenelo. Za ochotsedwa palibe ankatifunsa ndi mtima womwewo. Kuika n'kosavuta, kumatheka mu tenti m'mphindi zochepa. Kuchotsa kumafuna munthu wophunzitsidwa bwino, zipangizo zowiritsa ndi nthawi, ndipo tenti ija imakhala itapita kale ku boma lina. Vuto lodziwika kwambiri la njirazi ndi kusokonekera kwa msambo. Ena amangodontha masiku ambiri, ena amasiyiratu kusamba. Kwa ife a mabuku imeneyi inali nkhani yaing'ono. Kwa mayi wa kumudzi inali nkhani ya banja, chifukwa mwa mwambo wa ambiri mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo ndipo sakhala malo amodzi ndi mwamuna. Akadontha milungu itatu, bambo amayamba kuyang'ana kwina. Amayi ankabwera kudzadandaula, ine n'kumawayankha kuti, "Pirirani, thupi lizolowera." Sindinkawauza kuti ali ndi ufulu wochotsetsa tsiku lililonse limene afuna, ngakhale patangopita mwezi umodzi. Ndinkaopa kuti akadziwa, chiwerengero chathu chitsika.

Mu 2017 kunabuka mphekesera ya anamapopa ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi maboma oyandikana nawo. Anthu osalakwa anaphedwa, galimoto zinagendedwa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena kwa kanthawi. Ife tinali pa msonkhano kunyanja, tikumwa tiyi wa 10 koloko n'kumadandaula za umbuli wa anthu akumudzi. Pobwerera, dalaivala amene anayenda nane zaka zambiri anandifunsa akuyang'ana kutsogolo: "Koma amayi, magazi aja tinkanyamula m'mabokosi ozizira aja, eni ake munawauzako kumene anapita?" Sindinamuyankhe. Kupha munthu chifukwa cha mphekesera n'kulakwa, ndipo palibe chifukwa chimene chingakuyeretse. Koma ife tinali titatenga magazi m'midzi kwa zaka zambiri, pa galimoto zamagalasi akuda, osabwerera kudzanena chimene tapeza. Pamene sitinafesepo choonadi, anthu anafesapo zawo.

Si onse anagwira ntchito ngati ine. Ku Mchinji kunali kafukufuku wa MaiMwana, kumene amayi a m'mudzi ankakhala m'magulu, iwo eni n'kutchula mavuto awo a uchembere, kusankha oyamba kuthana nawo ndi kupeza njira zake. Zotsatira zake zinatuluka m'magazini ya The Lancet mu 2013, ndipo zinasonyeza kuti njira yotereyi ingapulumutse amayi ndi makanda. Ku Balaka mu 2011 kunayamba Chipatala cha pa Foni, chimene pambuyo pake boma linachitenga n'kuchifalitsa dziko lonse, munthu n'kumaimba 54747 kufunsa zimene akanachita nazo manyazi pamzere wa kusikelo. Ntchito ziwirizi zikufanana pa chinthu chimodzi: woyamba kulankhula ndi mayiyo. Ine ndinatha zaka 30 ndili ndi chimkuzamawu m'manja.

Tibwerere pa benchi ija ya ku Al Warqa. Ndinamuuza mtsikanayo zimene anayenera kuuzidwa mu tenti muja. Ndinati timitengoto si poizoni, timangotha mphamvu pang'onopang'ono zaka zake zikakwana, choncho asadalirenso kuti takhala tikumuteteza ku mimba. Ndinati n'zosowa kwambiri kuti tichoke pamalo pake, ndipo take tinali pomwepo, ndatigwira ndekha. Anapuma mozama, n'kunena kuti, "Kunonso anandiyeza magazi pofuna chitupa chokhalira, anangoti ndakhoza." Ndi zoona, m'dziko lino munthu wamkulu aliyense wofuna chilolezo chokhalamo amayezedwa HIV ndi TB, ndipo akazi ogwira ntchito za m'nyumba amayezedwanso mimba. Kuyambira ku Phalombe mpaka ku Dubai, thupi lake lakhala likuyezedwa, kubayidwa ndi kulembedwa, mwiniwake osafotokozeredwa kanthu.

Ine ndilibe chilolezo chogwira ntchito ya chipatala kuno, ndipo ngakhale kwathu sindinali wong'amba khungu la munthu. Chimene ndikanatha ndi kumuperekeza. Lamulo la antchito a m'nyumba la dziko lino la 2022 limapatsa wantchito tsiku limodzi lopuma pa sabata, limafuna kuti bwana amulipirire chithandizo cha kuchipatala, ndipo limati pasipoti ikhale ndi mwiniwake. Iye sankadziwa n'komwe kuti ali ndi inshuwalansi. Ankaopa kuti akatchula za kulera, mayi wa nyumbayo amuyesa woyendayenda n'kumubweza kumudzi. Mwana wanga anakalankhula nawo mayiwo, ndipo anavomera nthawi yomweyo, n'kudabwa kuti bwanji sananene kale.

Tsiku lake lopuma tinakwera takisi kupita ku chipatala china chaching'ono. Dokotala anamubaya mankhwala ochititsa dzanzi, n'kucheka pang'ono. Kamtengo koyamba kanatuluka msanga. Kachiwiri kanali katakutidwa ndi mnofu, ndipo anakanyengerera kwa nthawi ndithu, mtsikanayo atandigwira dzanja mpaka zala zanga kuchita dzanzi nazonso. Atatha anapempha kuti atione. Tinali m'kambale kachitsulo, timitengo tiwiri toyera, totalika ngati machesi. Anatiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndi timeneti basi, amayi?"

"Ndi timeneti, mwanangu."

Ndinaonerera amayi mazanamazana akuikidwa timitengo, ndikuwaimbira nyimbo. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kukhala pambali pa mayi akuchotsedwa. Pobwerera m'takisi ndinamupepesa. Anadabwa n'kunena kuti, "Si inu munandiika, amayi." Ndinamuuza kuti ndikudziwa, koma kwinakwake kuli mayi amene ndinamufoletsa ine, akudzigwira pamkono usiku ngati mmene ankachitira iye, ndipo ameneyo sindidzamupeza.

Kwa inu ana anga amene mukuphunzira za umoyo wa anthu ku Kamuzu University of Health Sciences ndi m'makoleji ena, ndi inu amene mwangolandira tabuleti ya kafukufuku wanu woyamba, ndikupempheni zinthu zochepa. Mafomu akapanda kukwana, bwererani nawo osakwana, alawansi ya tsiku limodzi simungafe nayo. Kalata ya chilolezo muziiwerenga mofatsa, ndime ya ufulu wokana muziibwereza kawiri, sopo ali m'galimoto. Polemba bajeti, muziikamo mafuta obwerera kumudzi kukanena zimene mwapeza, m'chilankhulo cha eni ake, pabwalo lomwe lija munawasonkhanitsa. Musaike mayi njira yolera musanamuuze dzina lake, zaka zake, zovuta zake ndi kumene akachotsetse. Ndipo lamulo lililonse la chindapusa musanaliombere m'manja, dzifunseni kuti mayi wosaukitsitsa wa m'mudzimo adzatani 2 koloko ya usiku, mtsinje utadzaza.

Kwa inu asungwana amene mukukonzekera ulendo wa ku Dubai, ku Oman, ku Joni kapena kwina kulikonse, musanakwere ndege kapena basi pitani kuchipatala mukafunse kuti njira imene muli nayo ndi iti ndipo ikutha liti. Implanon ndi kamtengo kamodzi ka zaka zitatu, Jadelle ndi tiwiri ta zaka zisanu, jakisoni wa Depo ndi wa miyezi itatu. Jambulani tsamba la buku lanu la kuchipatala pa foni, n'kutumizirako m'bale amene mumamukhulupirira. Akakuyankhani mothamanga, funsaninso, pakuti safunsa anadya phula. Thupilo ndi lanu, ndipo wovala yunifolomu kapena chitenje cha bungwe ali ndi udindo wokuyankhani mpaka mutamvetsa.